Tsiku Limene Enelesi Sanalire

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu Atate, amene wandisunga kufikira imvi zino, amenenso anandikhululukira cholakwa chimene ndifotokoze pano. Ndagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri, ndipo ana ena amene anafikira m'manja mwangamu ali ndi zidzukulu lero. Ulemu wake si wanga. Ine ndinayamba ndi kupunthwa, chisomo ndicho chinandidzutsa.

Kwathu ndi ku Chileka, kuseri kwa bwalo la ndege. Nditalemba mayeso a Fomu 2 ndinakhala pakhomo zaka ziwiri, kulima ndi kuphunzitsa ana Sande sukulu. Tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi, amayi ena a mumpingo anandikokera pambali nandiuza kuti kachipatala ka mishoni kufupi ndi Lirangwe kakufuna mtsikana wothandiza azamba. Abusa anandilembera kalata. Ndinaimanga pamodzi ndi khadi la chipani pa nsonga ya chitenje, popeza masiku amenewo ayufi, achinyamata a chipani aja, sankalola munthu kukwera basi wopanda khadi, ndipo ndinanyamuka.

Amene anandilandira anali a Sisita Likoswe, mzamba yekhayo pamalopo, mayi wamfupi wosakonda kubwereza mawu. Kalatayo sanaiwerenge n'komwe. Anagwira manja anga n'kuwatembenuza.

"Zikhadabo izi udule lero. Magazi umaopa?"

"Sindiopa, a Sisita."

"Onse amatero. Tiona."

Miyezi yoyamba ntchito yanga inali ya madzi ndi moto. M'mawa ndinkayatsa pulayimasi n'kuwiritsa malumo, mbano zopanira mchombo, majakisoni agalasi ndi singano zake. Magolovesi sitinkataya. Ndinkawachapa, kuwauzira mpweya kuti ndione ngati abooka, kuwayanika, kenaka kuwathira paudala. Pambuyo pake anandiphunzitsa kumvera mtima wa mwana ali m'mimba. Tinali ndi fetosikopu, kachitsulo konga lipenga laling'ono. Kukamwa kwake umaika pa mimba ya mayi, kunako khutu lako, maso ali pa wotchi. Mtima ukamagunda pakati pa 120 ndi 160 pa mphindi, mwana ali bwino. Theka lililonse la ola ndinkamvera n'kulemba pa khadi la mayiyo. Kuyeza njira, kuona mmene yatsegukira, inali ntchito ya a Sisita okha, maola anayi alionse, kapena msanga ngati china chavuta.

M'kabati yokhoma munali jakisoni wochepetsa ululu wotchedwa petidini, ndipo kiyi wake ankakhala pa pini pa yunifomu ya a Sisita. Lamulo lawo linali lakuti jakisoniyo saperekedwa mayi asanayezedwe, chifukwa akabayidwa mwana ali pafupi kubadwa, mwanayo amatuluka ali lefu, wosapuma bwino. Koma amayi ochepa okha ankamupempha. Kuchinamwali anankungwi ankalangiza kuti mkazi wolira pobereka amachititsa manyazi mtundu wake, enanso ankati amapha mwana. Ine ndinali ndi chifukwa changa chapadera chosakondera jakisoniyo. Ndinkadziwa mawu aja amene mkazi woyamba anauzidwa potuluka m'munda, onena za zowawa za pobala, ndipo mumtima ndinkati chimene Mulungu anaika, singano isachotse. A Sisita sindinawauzepo maganizo amenewa.

Tsiku limene ndikunenali linali Lachisanu, mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi dzuwa. M'mawa kunabwera Enelesi, mtsikana wa kwathu ku Chileka amene ndinkaimba naye kwaya, wamng'ono kwa ine zaka zitatu. Anakwatiwa ku Lirangwe, anamutenga chitengwa. Mwamuna wake ankanyamula katundu ku bwalo la ndege ndipo ankabwera kunyumba Loweruka lokha. Choncho amene anamuperekeza anali apongozi ake, a Nangozo, atanyamula dengu ndi botolo la tiyi. Inali mimba yoyamba, ndipo inayamba kuwawa dzulo lake.

A Sisita anamuyeza nati njira yangoyamba kumene. Anamuuza kuti ululu ukakula anene, jakisoni alipo. Kenaka anatuluka, chifukwa Lachisanu linali tsiku la sikelo ya ana, ndipo pansi pa mtengo wa mango panali amayi odzaza bwalo. "Rozina, uyu ndi wako," anandiuza. "Chikasintha chilichonse, undiitane."

Enelesi sanalire. Ululu ukabwera ankaluma chitenje, kugwira chitsulo cha bedi mpaka zala kuyera, thukuta lili kamukamu, koma osatulutsa mawu. Ine ndinkamuyamikira. Ndinkati uyu ndiye mkazi. A Nangozo ankalowa n'kutuluka, kumumwetsa tiyi wa m'botolo muja, kenaka kuwerama n'kumunong'oneza zinthu zimene sindinkazimva. Ndinkayesa akumulimbitsa mtima.

Cha m'ma 10 koloko apongozi atatuluka, Enelesi anandigwira dzanja.

"Achemwali, inu mumadziwa Malemba. Jakisoni uja, kodi ndi tchimo?"

Ndikanati ndikaitane a Sisita. Funso limenelo linali kulira kwake, kulira kokhako kumene mwambo unamusiyira. Koma ine ndinamva ngati ndili m'kalasi ya Sande sukulu. Ndinamukumbutsa mawu a m'munda aja, ndinamuuza kuti zowawazi ndi gawo lathu akazi, ndipo wopirira adzalandira mphotho. Iye anati, "Chabwino, ndipirira." Anabwezeranso chitenje m'kamwa.

Patapita kanthawi a Sisita anasuzumira pa windo ali ndi mwana wa sikelo m'manja. "Ali bwanji uyo? Akufuna jakisoni?"

"Ali bwino, a Sisita. Wakana. Ngolimba mtima."

Anabwerera ku mango kuja. Akanamva kuti wapempha jakisoni akanasamba m'manja n'kumuyeza pomwepo, ndipo akanaona chimene chinkachitika. Yankho langa linawabweza.

Itakwana 11 koloko ndi theka ndinaika fetosikopu pa mimba. Ndinawerenga, ndinakana, ndinawerenganso. Mtima wa mwana unali pa 100. Ndinadikira ululu udutse kuti ndimverenso, koma ululuwo sunkadutsa. Mimba inangouma gwa ngati mwala, ndipo pakati pake panaoneka mzere wolowa, ngati wina waimanga ndi chingwe. Nthawi yomweyo nsupa inasweka, ndipo madzi amene anatuluka pa lakitoshi, mphira woyala pabedi uja, sanali oyera, anali obiriwira. Ndinathamanga osavala nsapato.

A Sisita anavala magolovesi akuyenda. Atamuyeza anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala. Kenaka anatenga botolo la tiyi, analinunkhiza, nalawa pang'ono n'kulavula.

"Mayi, mwathiramo chiyani umu?"

A Nangozo anati ndi tiyi chabe.

"Uyu ndi mwanamphepo. Musandinamize, nthawi ndilibe."

Mwanamphepo ndi mankhwala a zitsamba amene amakankha mimba kuti ifulumire. Koma mutu wa mwana wa Enelesi unali waukulu, sukanadutsa, ndipo mankhwalawo ankafinya chiberekero pa khomo lotseka. A Sisita ananena mosabisa kuti chiberekero chili pafupi kung'ambika, ndipo akapanda kupita ku chipatala chachikulu ku Blantyre kukachitidwa opaleshoni, titaya onse awiri.

Apa a Nangozo anaima pakhomo la chipindacho n'kutambasula manja.

"Sapita kulikonse. Mwana akakanirira, nkhani yake timaidziwa. Mwana wanga amakhala ku Chileka sabata yonse, uyu amatsala yekha. Atchule amene anayenda naye, mwana atuluka pompano. Kumeneko akamubaya pamsana, apuwale, milandu yake ikwiririke?"

Ndipamene ndinazindikira zimene ankamunong'oneza m'mawa wonse. Enelesi anachotsa chitenje m'kamwa, milomo itang'ambika.

"Amayi, nditchule ndani? Palibe. Ndiuzeni dzina lililonse nditchule, bola mwana wanga akhale moyo."

"Usatchule munthu," anatero a Sisita. Ankamuika dripi pa mkono, osadzutsa mutu. "Enelesi, mvera. Kumeneko adzakubaya pamsana, miyendo idzachita dzanzi, mpeni sudzaumva, madzulo dzanzilo lidzatha. Thupi ndi lako. Ukavomera, dinda chala pa pepala ili."

Enelesi sanayang'ane a Sisita, sanayang'anenso apongozi ake. Anayang'ana ine.

"Achemwali anati ndi gawo lathu. Ndikathawa ululu, Mulungu sandilanda mwanayu?"

A Sisita anamata pulasitala pa dripi, kenaka anatembenuka.

"Unamuuza zimenezo ndiwe?"

"Eya, a Sisita."

"M'munda momwemo mwamuna anauzidwa za minga ndi thukuta. Nanga bambo ako amalima ndi zala? Munga ukawabaya sauzula? Konza zimene wawononga, msanga."

Ndinagwada pambali pa bedi, pa simenti yonyowa. Ndinati, "Enelesi, ndinakunamiza. Ndinatenga mawu a Mulungu n'kukumanga nawo. Ambuye wathu sanadutsepo wodwala n'kumuuza kuti pirira, ndi gawo lako. Ankaima n'kumukhudza. Jakisoni si tchimo, ndipo iwe sunachimwe. Ngati pali mlandu lero, uli pa ine."

Anatseka maso. Ululu wina unabwera, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anakuwa, kukuwa kumene kunaimitsa sikelo panja. Utadutsa anatambasula chala chake cha manthu. Ndinachigwira, ndinachiika pa inki, anadinda yekha.

Galimoto ya mishoni inali itapita kukatenga mankhwala. Ndinathamangira ku sitolo za pa Lirangwe, kwa Che Jafali, amene anali ndi kalole konyamulira chimanga. Ndinawapeza atavala kale mkanjo ndi kofiya, akutseka sitolo kuti apite ku mzikiti. Ndinalephera kufotokoza bwino, mpweya utandithera. Iwo anangoti, "Wamimba? Kwera." Pofika pa chipatala anaona a Nangozo adakali pakhomo. Anati, "Mama, milandu mukaweruza akuluakulu mawa. Lero patukani, tinyamule munthu." Amayi a sikelo anali atadzaza pakhonde, onse maso ali pa apongoziwo. A Nangozo anatsitsa manja.

Tinamugoneka pa matiresi kumbuyo, chakumanzere monga anandiuzira a Sisita. Iwo sakanasiya chipatala chopanda mzamba, choncho anandipatsa khadi ndi kalata. Dzanja limodzi ndinakweza botolo la dripi, linalo ndinagwira Enelesi. Pa Lunzu Che Jafali anachepetsa liwiro chifukwa cha anthu a pamsika, ndipo ndinaika fetosikopu. Injini inkasokosa, sindinamve kanthu. Sindinamuuze. Ndinkangopemphera pemphero limodzi, kuti Ambuye, musalange mwana uyu chifukwa cha pakamwa panga.

Ku chipatala chachikulu anamulowetsa ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, osachedwa, ine anandisiya pa benchi. Che Jafali anaima patali, atavula kofiya, akuitembenuza m'manja. Nthawi imeneyo sindidziwa kuti inali yaitali bwanji. Kenaka namwino anatuluka n'kufunsa amene wabwera ndi mayi wa ku Lirangwe. Anati chiberekero chinali chitapyapyala ngati pepala, koma sichinang'ambike. Mwana, wamkazi, anatuluka osapuma, anamuyamwa zoipa m'mphuno ndi m'kamwa, anamupopera mpweya, mpaka analira. "Mukanachedwa pang'ono," anatero, osamaliza. Che Jafali anavala kofiya yawo nati, "Mulungu ndi wamkulu," ndipo ine ndinati ameni.

Mwamuna wa Enelesi anafika madzulo ndi yunifomu ya ku ntchito. Dokotala anamufotokozera za mutu wa mwana ndi chiuno cha mkazi wake, ndipo nkhani yotchula dzina inathera pomwepo. Enelesi anayenda ndi miyendo yake tsiku lachitatu.

Ndinabwerera ku Lirangwe ndikudziwa kuti ntchito yatha. Ndinapeza a Sisita akuwiritsa okha zipangizo. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Jakisoni uja sakanakulitsa chiuno chake, usadzinamize. Chimene unalakwa, unamutseka pakamwa. Mayi akakhala chete, ndiye umuyang'anitsitse. Akakufunsa funso, funsa chimene chabala funsolo. Tenga magolovesi awo, sanachapidwe."

Patapita zaka ziwiri iwo omwewo ndiwo anandilembera kalata yopita ku sukulu ya uzamba. M'zaka zonse zotsatira ndinaona amayi ofuna jakisoni ndi amayi omukana. Ena ankati ndikufuna ndimve mwana wanga akubwera, ndipo ndinkawagwira dzanja mpaka pamapeto. Ena ankati sindingathe, ndipo ndinkawayeza n'kuwabaya popanda kuwachititsa manyazi. Onsewo ndinkayamba ndatulutsa operekeza panja, ndanunkhiza botolo lililonse, kenaka n'kufunsa mayiyo payekha kuti, "Inuyo mukufuna chiyani?" Malemba sindinasiye kuwakonda, ndimawawerenga m'mawa uliwonse. Koma kuchokera Lachisanu limenelo sindinaikenso vesi pakati pa mayi ndi thandizo lake.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni. Amayi oyembekezera, akupatseni azamba a makutu akumva, ndipo mukalira, kulira kwanu kupeze woyankha. Inu ogwira ntchito m'zipinda zoberekera, alimbitse manja anu, aike mlonda pa milomo yanu. Ndipo mwana aliyense amene mukumudikira atuluke ndi mfuu. Ameni.