Ufa wa Mapira pa Matope a Chilwa

Sukulu ndinasiyira fomu thu, ndipo musandifunse chifukwa. Ntchito imene ndinapeza ndi yonyamula zikwama za alendo okwera phiri la Mulanje. Kuphiriko njira zilipo, nyumba zogona zilipo. Mlendo akatopa timamudikira, akaterereka timamugwira dzanja.

Ababa anathyola tiyi moyo wawo wonse mpaka sitiroko inawagwetsa, mbali yakumanzere n'kufa. Atakhala pamphasa kwathu ku Nkando, anayamba kulankhula zimene sanatiuzepo. Anabwera kuno ali mnyamata, pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anawoloka nyanja ya Chilwa pa bwato. Mlongo wawo wamng'ono anatsirizikira m'bwatomo ndi malungo. Mwini bwato anakana kuyenda ndi mtembo, choncho anamukulunga m'nsalu n'kumusiya m'madzi pakati pa mabango. Panalibe maliro, panalibe womuthirira ufa.

"Ukanditule kunyanja," anandiuza tsiku lina. "Ndikamuthirire ufa ndi dzanja latsalali, lisanafe nalonso."

"Ababa, inu mkulu wa mpingo, zansembe?"

"Mpingowo unalimo m'bwato muja? Usandiphunzitse iwe, wothawa sukulu."

Amayi anasinja mapira n'kumanga ufawo m'kansalu. Kutchalitchi anatibwereka njinga ya olumala. Tonse pakhomo tinagwirizana zodikira Okutobala, dzuwa litaphika nthaka. Ife a kuphiri timadziwa chinthu chimodzi: mvula ikagwa msewu wafa, dzuwa likaswa msewu wadzuka. Palibe anaganiza zofunsa munthu wa kunyanja.

Tinakwera minibasi, kenako lole ya ogula nsomba. Ababa ndinawagwirizira njira yonse, fumbi likutilowa m'mano. Msewu unathera pansi pa mtengo waukulu, pamene anthu amati padooko. Mabwato analipo, atagona chammbali panthaka youma ngati ng'ombe zakufa. Madzi kunalibe. Kutsogolo kwathu kunali matope ong'ambikang'ambika, otuwa, mpaka kumene maso amathera.

Mayi wina ankasoka ukonde pamthunzi. Ndinawafunsa kuti nyanja ili kuti.

"Mwaisowa?" anaseka. "Yapita kocheza, achimwene. Mwezi uno imathawa. Mukanabwera mvula itangotha, bwato likanawatengera madalawa pomwe mwaimapo."

"Nanga kuti tikafike kumadzi?"

"Wamiyendo iwiri amafika, koma atatukwana. Wamatayala ayiwale."

Ndinakankha njinga ija. Poyamba inkayenda, ikugwedera m'ming'alu. Kenako nthaka inasintha. Pamwamba panali pouma ngati chikhokho, koma pansi panali phala lakuda lonunkha. Matayala anaboola n'kumira mpaka pakati. Ndinakoka, ndinakankha, ndinakumba ndi manja. Njingayo ndinaisiya pomwepo.

Ababa ndinawabereka ndi chitenje cha amayi, ngati khanda. Anali opepuka kuposa chikwama chilichonse chimene ndinakwera nacho phiri, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa dzuwa. Chibwano chawo chinkandigunda paphewa. Ankapumira m'khutu mwanga, akundiuza kuti ndikhotere kumanja, ngati akukumbukira njira pamalo pamene iwo anadutsa pali madzi okhaokha.

Chikhokho chija chinayamba kubooka phazi lililonse. Matope anafika m'akakolo, kenako m'mawondo. Kutali kunkaoneka kamzere konyezimira, koma sikankayandikira. Mwendo wanga wina unalowa mpaka m'ntchafu, chitenje chinamasuka, ndipo tonse tinagwa. Ababa anagwa chafufumimba, dzanja lakufa lija lili pansi pawo. Sakanatha kudzitembenuza. Ndinawadzutsa n'kuwapukuta matope m'kamwa ndi malaya anga.

"Basi, mwanawe."

"Tifika, ababa. Si apo madzi."

"Ndati basi. Ukufuna nyanja imeneyi isunge awiri a m'mimba imodzi?"

Ndinawakokera pamalo olimbako n'kuwakhazika, msana wawo utatsamira miyendo yanga. Anatulutsa kansalu kaja m'thumba la jekete. Ndinati ndiwamasulire mfundo, anandikankha ndi chigongono. Anamasula okha ndi mano. Kenako anayamba kuitana mlongo wawoyo m'Chilomwe, mawu amene sindinamve ngakhale limodzi, poti sanatiphunzitse. Mawu awo anali ang'ono, osati aja ankalalikira nawo. Anathira ufa mumng'alu umene unali pakati pa mapazi awo.

"Madzi akabwera adzautenga okha," anatero.

Mphepo ya kumeneko ilibe mtengo woitchinga. Inabwera n'kuunyamula ufawo usanalowe. Wina unamwazikira pamatope, wina unamata pa thalauza langa lonyowa. Ababa ankangoyang'ana. Kenako anayamba kukokolola ndi chala kaufa kotsala m'mphepete mwa mng'alu, n'kukagwetsera mkati, n'kuvundikira ndi chibuma. Anachisindikiza ndi chikhatho nthawi yaitali.

Pobwerera ndinawaberekanso. Anyamata awiri a padooko anandithandiza kuzula njinga, ndipo mayi wa ukonde uja anabweretsa madzi a pamjigo m'beseni. Sanasekenso. Anawasambitsa ababa nkhope ndi manja awo, ngati m'bale wawo.

Ababa anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Ngati madzi anafika pachibuma chija chaka chimenecho, sindikudziwa. Ogula nsomba amadutsa pa Nkando tsiku lililonse, koma sindinafunsepo aliyense.