A Katoni, Olongedza Zachikondi za Eni Ake

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anthu amawatchula a Katoni. Dzinali analitenga pa sitolo yopikulitsa mbale ndi makapu pomwe anayambira ntchito ali mnyamata. Ntchito yawo inali yolongedza katundu m'makatoni, ndipo akuti m'manja mwawo simunaswekepo ngakhale sosala. Kenako anaphunzira kukonza mapulinta n'kulembedwa pa ofesi ina ya inshuwalansi, koma matenda olongedzawo sanawachoke. Rimoti ya TV kwawo ili m'pulasitiki mpaka lero. Mukawabwereka hamala amakupatsani yokulunga m'nyuzipepala, n'kukuuzaninso mbali yogwira.

Koma kuwerenga ayi. Chinthu chachitali chomwe anali atawerengapo mpaka kumapeto ndi kabuku ka malangizo a firiji.

Owerenga m'nyumbamo anali achemwali. Chaka china anaterereka m'bafa n'kuthyoka mwendo, ndipo anakhala pa sofa ndi chikhakha mpaka sofayo inawazolowera. Apo n'kuti sewero lina la pa TV, la zochitika m'chipatala, litangotha kumene, ndipo linatha moipa. Namwino amene aliyense ankamukonda anakwatiwa ndi dokotala wandevu wodzimva, kusiya dalaivala wa ambulansi amene anamudikira kuyambira pachiyambi. Achemwali anakwiya ngati wakwatiwayo ndi mwana wawo. Pofufuzafufuza pa foni anapeza tsamba la pa intaneti pomwe anthu okwiya ngati iwo amalemba okha nkhani zopitiriza sewerolo, aliyense m'mene mtima wake ukufunira. Ena dokotalayo amamugwetsera m'dzenje pa mutu woyamba pomwe. Ena amamumeta ndevu kaye.

Vuto linali netiweki. M'nyumba mwawo imagwira pa windo la kukhitchini pokha, pamwamba pa sinki, pomwe sofa ili pabalaza.

"Bambo, thamangani! Dalaivala wagogoda pachitseko cha namwino, tsamba lakana kutseguka!"

Alamu ankatenga foni, kukaima pa sinki mkono uli m'mwamba, kubwera nayo, posakhalitsa n'kuitanidwanso. Munthu wamkulu ndithu, wa taye pakhosi, kusanduka mlongoti.

Atatopa anafunsa pa intaneti, ndipo anapeza kuti munthu wina wa kutali analemba pulogalamu yokoka nkhani yonse pa tsamba lija, mitu yonse, n'kuisandutsa buku lowerengera pa foni popanda netiweki. Inali yaulere, ndipo mwini wake anaisiya poyera kuti aliyense aisuzumire m'kati, aikonze, aigawe. Koma inali ngati katundu womwazika pansi. Kuti igwire ntchito unkayenera kusaka wekha tizidutswa tina tambirimbiri, kenako kulemba malamulo pa kawindo kakuda, ukaphonya kadontho kamodzi iyo n'kukutukwana ndi zilembo zofiira.

Alamu zimenezi zinawapweteka mumtima. "Chinthu chabwinobwino kuchigawa chosamanga chonchi? Munthuyu analeredwa kuti?"

Anakhala nayo Loweruka ndi Lamlungu angapo pa tebulo lodyera. Anasonkhanitsa tizidutswa tonse m'fayilo imodzi, naikapo bokosi loponyamo adiresi ya nkhani ndi batani limodzi lalikulu lolembedwa kuti Dinani Apa. Dzina la mwini pulogalamu analisiya pamwamba penipeni, poti iwo ankati si osoka malaya, ndi opinda chabe. Achemwali atadina n'kuona buku lonse lagwera mu foni, anawayang'ana amuna awo ndi diso lomwe sindinalionenso chichokereni tsiku la ukwati.

Zikanathera pomwepo. Koma achemwali anadzitama kwa anzawo a pa tsamba lija, anzawowo anapempha, ndipo alamu anaika fayiloyo poti aliyense atenge. Analakwa chinthu chimodzi: pansi pa malangizo analemba kuti wovutika awalembere.

Anthu analemba. Wina ankafuna ya foni yakale ya azakhali ake. Wina anafunsa chifukwa chake nkhani yomwe wakoka ilibe mathero, alamu n'kumufotokozera mwaulemu kuti wolembayo sanaimalize, iye n'kuyankha kuti, "Ndiye imalizeni inuyo." Panalinso mayi wina amene uthenga wake uliwonse unkayamba ndi mawu akuti sizikutheka, moti m'banjamo tinkangomutchula Mayi Sizikutheka. Tsiku lina zinapezeka kuti ankadina chithunzi cha batani cha m'malangizo.

Amayi athu nawo anamva nkhaniyi mwa theka. Pa tchalitchi ankauza anzawo kuti mkamwini wawo amagawa mabuku aulere dziko lonse. Mayi wina wa kwaya anapempha limodzi. Achemwali anasintha nkhani msangamsanga.

Kenako eni tsamba lija anasintha kamangidwe kake, ndipo pulogalamu inasokonekera. Mabuku ankatuluka mitu itasakanikirana: mwana kubadwa pa mutu wachiwiri, makolo ake n'kudzadziwana kumapeto. Alamu analembera mwini pulogalamu uja, koma iye anayankha kuti zimenezo anasiya, tsopano akuweta njuchi, ndipo akuwafunira zabwino zonse.

Panalibenso wina. Alamu, amene sankadziwa kulemba pulogalamu, anayamba kutokosa m'kati mwake mzere ndi mzere, ngati munthu wofuna kakobiri m'ngalande. Ndipo kuti adziwe ngati mitu yabwerera m'malo mwake, panalibe njira ina koma kuwerenga nkhanizo.

Apa m'pamene tinawataya.

Tsiku lina ku ofesi, atakonza pulinta ya abwana, anafuna kuiyesa n'kutumiza fayilo yomwe inali pafupi. Abwana awo, mayi wosaseka amene ngakhale moni amayankha ngati akusaina, anatola mapepala aja n'kuwerenga ataimirira.

"A Katoni, 'anamugwira dzanja kuseri kwa ambulansi, mpweya wake ukununkhira mankhwala a chifuwa.' Imeneyi ndi inshuwalansi ya mtundu wanji?"

"Ndimaona ngati inki ikugwira bwino, abwana."

"Ikugwira. Musadzabwerezenso."

Anawapinda mapepalawo n'kulowa nawo mu ofesi. Wosesa akuti m'bini sanawaonemo.

Choipa kwambiri chinachitikira kunyumba. Tili pa tebulo tonse, alamu anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Koma mayi, ine ndaona kuti dokotala uja anthu mumangomuda. Munthu amafika pa ntchito nthawi yake, amasamba m'manja. Dalaivala wanuyo mutu uliwonse ambulansi yatha mafuta."

Achemwali anatsamwa. "Mwati bwanji?"

"Namwino anasankha bwino."

"M'nyumba mwanga muno? Mwendo wanga uli chonchi?"

Sanalankhulane mpaka Lachitatu. Mauthenga ankadutsira kwa ine. "Uwauze alamu akowo kuti malaya awo akawasitire dokotala." Amalume anamva kuti banja lagwedezeka, anabwera ndi jekete la milandu, nakhala pansi kuti amve mbali zonse. Atamva kuti namwinoyo, dokotalayo ndi dalaivalayo onse kulibe, anapempha madzi akumwa, n'kunyamuka osatsanzika.

Pulogalamu ija alamu anaikonza ndithu, ndipo inakonzeka pa nthawi yake, chifukwa pasanapite nthawi gawo lina lakale la tsamba lija linafufutidwa ndi nkhani zake zomwe. Mtsikana wina anawalembera kuti mkulu wake, amene anamwalira chaka chathachi, analembako nkhani pamenepo, ndipo iye anaikoka kutatsala pang'ono kuti ifufutidwe. Anati nkhaniyo ndi yoipa zedi, dokotala amafa kawiri, koma akamaiwerenga amamva mawu a mkulu wake. Alamu anawerenga uthengawo ali chiimire m'khitchini, nakhalitsa akupukuta kapu youma kale.

Chikhakha chitachoka, achemwali nkhani zija anazitaya. Pano mtima wawo uli pa mpikisano wosoka madiresi, ndipo namwino sakumukumbukanso ndi dzina lomwe. Alamu ndi amene anatsala nazo. Tsamba likasintha, iwo amakonza, kumanganso fayilo, kuiyesa pa kompyuta yakale ya m'chipinda cha alendo, n'kuitulutsa. Ambiri oigwiritsa ntchito sadziwa n'komwe kuti kuseri kwa batani lija kuli munthu wa dazi amene amadwala msana.

Ine ndimagwira ntchito mu saluni. Mwezi wathawu ndikuluka kasitomala wina, ndinasuzumira pa foni yake n'kuona akuwerenga buku lotuluka m'pulogalamu ya alamu. Ndinalephera kudzigwira.

"Chemwali, mukudziwa kuti amene amakonza chinthu chimenecho ndi alamu anga?"

Anatembenuka mpaka tsitsi linandipulumuka m'manja. "Zoona? Eee! Ndiye mukawauze kuti zikuto za mabuku zikumatuluka chadodolido."

Ndinakawauza madzulo ake, ndikuyesa kuti aseka. Anafunsa mtundu wa foni ya mayiyo. Nditati sindinaone, anandiyang'ana ngati ndataya mwana pamsika, nasiya chakudya chikutentha n'kukayatsa kompyuta. Achemwali anangokoka mbale ya alamuwo n'kutolamo nyama.