Chikwama cha Khaki Chimene Chinatseka Anthu Pakamwa

Amuna anga anali wojambula zithunzi woyenda panjinga. Tinkakhala kwa Mponda, koma iwo pakhomo ankangobwerapo kudzasintha malaya. Lero ali ku Nkope, mawa kwa Katuli, mkuja kumsika wina umene ine mpaka pano sindinaupondepo. Kamera, mafilimu ndi mabatire ankanyamulira m'kachikwama kamene telala wina anawasokera ndi nsalu ya thumba la ufa. Paliponse pamene atsamiritsa njinga, anthu ankawaunjirira. Sikuti onsewo ankafuna kujambulitsa ayi. Ambiri ankangofuna macheza, chifukwa bambo amenewo anali ndi pakamwa posatopa, ndipo nawo anthu ankamasuka n'kuwauza zakukhosi.

Tsiku lina lamba wa kachikwamako anaduka, kamera n'kugwera mumchenga. Mwamwayi sinawonongeke, koma iwo anachita mantha ngati agwetsa khanda. M'mawa mwake anati, “Mayi, tiyeni kuboma mukandithandize kusankha chikwama chenicheni.”

Ndinazindikira tili m'sitolo kuti kuthandiza kwake kunali kuimirira n'kumawaonerera. Chikwama chilichonse ankachipachika paphewa, kuikamo kamera, kuyenda mpaka pakhomo, kuwerama ngati akukwera njinga, n'kubwerera. Ine mtima wanga unali pa kena kofiirira, kofewa. Iwo anati kameneko n'konyamulira buku la nyimbo popita kutchalitchi. Maso awo anali atagwera kale pa china cha khaki, cholimba, cha lamba wamkulu wosacheka phewa, cha matumba ambirimbiri otseka ndi tizitsulo. Kamera inali ndi malo ake, mafilimu malo ake, fumbi losalowa. Kunena zoona chinali chikwama chabwino, ndipo atachikoleka anaoneka ngati munthu wolembedwa ntchito. Ndinawanyadira, ngakhale sindinawauze, poopa kuti angakule mtima.

Tonse awiri sitinaganizeko kuti ndani winanso ankayenda m'midzi ndi chikwama chotero masiku amenewo. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Munthu wa chikwama cha khaki akafika pamudzi, ndiye kuti wabwera kudzaona makadi a chipani, kapena wabwera kudzamvetsera zimene anthu akulankhula.

Ulendo woyamba anabwerako kwa Katuli filimu isanathe. Anati atangotsika njinga, mkulu wina anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi kadi m'manja, akuti, “Bwana, yanga ndi iyi, ya akazi anga ikubwera.” Amuna anga ankaseka pondiuza zimenezi. Ulendo wachiwiri sanaseke. Anthu omwe aja amene ankawakokera pamphasa anayamba kuwapatsa mpando, kuwapatsa moni waulemu wambiri, kenako zii. Ojambulitsa ochepawo ankaima chilili, manja m'mbali, nkhope zouma.

Chimene chinawapweteka kwambiri chinachitika ku Nkope. Kumeneko anali ndi mnzawo wa paubwana, msodzi, amene anaphunzira naye limodzi pasukulu ya mishoni. Awiriwo akakumana ankanyozana ngati pachisuweni, n'kudandaulirana za ukonde, za ana, za chilichonse. Ulendo umenewu mnzawoyo anangoyang'ana chikwama chija, n'kuyankha funso lililonse kuti, “Zonse zili bwino, achimwene.”

Ndinawauza kuti achisiye chikwamacho. Anakana, ati kamera singabwererenso m'thumba la ufa, komanso munthu amene wadya naye m'mbale imodzi kuyambira ali ana sangamuope chifukwa cha nsalu. Amuna anga anali ouma mutu, koma ndinkaona kuti zikuwadya. Anachepetsa maulendo. Ankakhala pakhonde n'kumapukuta kamera yoyera kale. Nyumba yathu inali isanakhalepo chete choncho, ndipo ine ndinachita mantha kuti munthu wanga uja akutha ndikuona.

Ndiye tsiku lina atapita kukameta, ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa mbereko yakale imene ndinaberekera ana athu onse. Inali chitenje cha maluwa achikasu, chosuluka, chofewa ndi kuchapa. Ndinachidula n'kukuta chikwama chonse, lamba yemwe, tizitsulo tokha n'kumasuzumira. Kusoka sindidziwa bwino, moti mizere inkapita uku ndi uku.

Atabwera anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Mayi, mwamuna wamkulu ngati ine ndiziyenda nditakoleka mbereko?”

“Bola akusekeni kusiyana n'kuti azikuopani,” ndinatero.

Loweruka lotsatira ndinapita nawo ku Nkope, poti ndinkafunanso kukagula usipa. Tinakwera lole, iwo chikwama atachibisa pamiyendo. Titatsikira kudoko, amayi amene ankayanika usipa pathandala ndiwo anayamba kutiona. Mmodzi anafunsa mokweza ngati mwanayo wayamwa kale. Wina anati ajambuli abereke bwino, khosi la mwana lingapindike. Phwete linamveka doko lonse, ndipo amuna anga, m'malo mochita manyazi, anayamba kuchisisita chikwamacho n'kumachiimbira kanyimbo kogonetsa mwana. Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo.

Mnzawo uja anali pansi pa mtengo akusoka ukonde. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuwauza kuti ukalamba wawapeza moipa. Atatha kuseka anayang'ana uku ndi uku, n'kutikodola kuti tikhale pafupi. Ine ndinakhala pamchenga chapambali, koma ndinamva zonse.

“Achimwene, ndinkayesa akulembani ntchito anthu aja,” anatero motsitsa mawu. “Mwana wanga wamkulu anabwera kudzamutenga. Akuti analankhula zina zake kumowa. Kumene ali sitikudziwa. Ulendo uja munabwera n'kuti atangomutenga kumene, ndipo ndinkafuna kukupemphani kanthu, koma nditaona chikwama chija mawu anandithawa.”

Amuna anga, munthu wa pakamwa uja, anangogwira dzanja la mnzawoyo.

Msodziyo anapitiriza. “Munamujambulapo nthawi ina, koma chithunzicho chinanyowa m'bwato. Kodi mafilimu otsuka kale mumasunga? Amayi ake akuti akatsinzina, nkhope yake yayamba kuwasokonekera.”

“Ndimasunga onse, achimwene.”

Ankasungadi, m'chitini cha mabisiketi, osalemba kuti iyi ndi ya kuti. Titabwerera kunyumba, m'mawa mwake anatulutsa chitinicho pabwalo n'kuyamba kukweza mafilimu kudzuwa, imodziimodzi, akutsinzinira diso limodzi. Ine ndinkawapatsira. Pa mafilimu amenewo anthu amaoneka nkhope zakuda, tsitsi loyera, moti kwa ine onse ankafanana. Tiyi anazizira pambali. Dzuwa litafika pamutu kupatsirana kuja kunaima, iwo n'kukhala atakweza filimu imodzi m'mwamba.

“Uyu apa,” anatero. “Ndipo akuseka.”