Mpango wa a Maness Unasanduka Nkhata

Aliyense amene anagulako tomato mumsika wa Kawale amawadziwa a Maness, amake Kings, a benchi lachitatu ukangolowa pachipata. Koma khosi lawo palibe amene analionako. Zaka khumi ndi zinayi akulikulunga mpango, ngakhale mu Okotobala dzuwa likuswa mtengo. Pansi pa mpangowo panali chithokomiro, chotupa chachikulu ngati peyala.

Ine ndine Jemima, ndimagulitsa usipa pabenchi loyandikana nalo, ndipo pakamwa panga msika wonse umapadziwa. Kondakitala wina atawatchula kuti "amayi a mimba yapakhosi", ndinamuthamangitsa ndi lichero mpaka pasiteji. Afunseni, akuuzani.

A Maness anabwera kuchokera ku Ntcheu ali mtsikana. Amuna awo atamwalira analera okha ana anayi ndi tomato yemweyo, osadandaula. Chaka chatha chotupacho chinayamba kuwatsamwitsa akagona chagada, ndiye anavomera opaleshoni. Wowadikirira kuchipatala ndinali ine. Nanga akanakhala ndani?

Anatuluka kufiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, m'mawa ali ndi kapaipi pakhosi, kumapeto kwake kuli kabotolo kolandira magazi otsalira m'bala. Anesi anandilangiza maso ndi maso: "Mayi, khosi lizioneka, kabotolo kazioneka, kapaipi kasapindike. Pakayamba kufufuma kapena akamabanika, musadikire, itanani."

Masana, nthawi yoona odwala, ndinapita kumalo ophikira kukatenga phala. Kumbuyo kwangaku kunafika amayi akutchalitchi kwawo, asanu ndi mmodzi, motsogozedwa ndi a Annette, apampando awo. A Maness manyazi aja anawabwerera. "Alendo asaone magazi anga," anatero, n'kupempha a Annette awamange mpango. Kabotolo anakakankhira pansi pa chitenje.

Ndikulowa ndinapeza nyimbo ili mkati, koma a Maness sakuimba nawo. Maso ali tong'o, mpweya ukulira ngati wenzulo. Phala ndinalitaya pomwepo. Ndinavundukula chitenje: magazi m'kabotolo ali pomwe ndinawasiya, kapaipi kapindika pansi pa mfundo ya mpango. Ndinakoka mpangowo.

"Iwe Jemima, ulemu!" anatero a Annette. "Tili papemphero!"

"Kapempherereni pakhonde, amayi, Mulungu amamva ndi kumeneko komwe!"

Khosi linali litafufuma, lolimba gwa, likunyezimira. Ndinakuwa ndi mawu onse amene ndimaitanira ogula usipa: "Anesi! Khosi! Munthu akubanika kuno!" Wodi yonse inadzidzimuka, mpaka mlonda anathamangira kudzaona amene akumenyana.

Anesi aja sanafunse kawiri. Anatenga sizasi n'kudula ulusi wosokera bala pabedi pomwepo. Magazi oundana anatuluka ngati chiwindi, ndipo a Maness anakoka mpweya wautali umene sindidzauiwala. Anawabwezera kufiyeta kukamanga kamtsempha kamene kanamasuka. Adokotala atatuluka anandiuza kuti magazi ankadzazana mkati n'kumafinya kholingo, ndipo kapaipi kokha mwina sikakanakwanitsa. Chachikulu chinali kuona msanga. "Anakuwa uja ndani?" anafunsa. Ndinati ndine, ndipo ngati pali mlandu ndiulandira. Anangoseka.

Sikuti zinathera pomwepo ayi. Zala za a Maness zinkachita dzanzi mpaka anawapatsa mapiritsi a kashiamu. Mawu anasasa milungu itatu, akumangonong'ona. Wogulitsa tomato wopanda mawu? Ine mtima unali m'mwamba, koma pamaso pawo ndinkawaseka kuti tsopano msika wapuma. A Annette anabwera ku Biwi kunyumba kwa a Maness ndi thumba la malalanje, misozi ili mbwembwembwe. A Maness anawanong'oneza kuti, "Ndinakupemphani ndine. Khalani pansi."

Lolemba lina m'mawa tinangoona dengu la tomato likulowa pachipata, pansi pake pali a Maness. Khosi lili pamtunda, lowongoka, kachipsera kakang'ono kali mbee ngati mkanda. Mpango uja anaupinda n'kuusandutsa nkhata, dengu lakhala pamwamba pake.

Amayi a mabenchi onse analulutira, wa makala anaimba chitini. Kondakitala uja anali pachipata, anangoyang'ana pansi.

"Amake Kings," ndinatero, "mpango wabwinobwino mwauwonongeranji?"

"Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuunyamula," anayankha akutula dengu. "Nawonso undinyamulireko. Sendeza usipa wakowo, ukununkhitsa tomato wanga."

Kenako anatembenukira kumsewu, n'kukuwa mpaka pasiteji anamva: "Tomato apa! Wakupsa bwino!"