Kanema wa Kumapeto kwa Mzere

Kumgodi kuja aliyense ankangowatchula kuti a Dishi. Netiweki ya foni kunalibe, moti chilichonse chinkadutsira pa dishi imodzi ya setilaiti yomwe inali padenga la ofesi, ndipo woyang'anira wake anali iwowo.

Iwo asanabwere, kutumiza fayilo yaikulu kunali kulira. Mapu a miyala ankati akafika pakati, mtambo n'kudutsa, basi, kuyambiranso. A Dishi anakonza zoti fayilo izidulidwa m'tizidutswa, tizipita tambiri nthawi imodzi, ndipo ikadukiza izipitirira pomwe inalekezera. Anaikanso lamulo lawolawo: za ntchito patsogolo, za kunyumba pambuyo. Anzawo akadandaula kuti zithunzi za ana awo zikuchedwa, iwo ankangoti, "Mzere ndi mzere, achimwene."

Ndiye tsiku lina akazi awo anatumiza kanema. Mawu olemba okha ndi amene anafika msanga: "Bambo ake, mwana wanu wayamba kuyenda. Dzionereni nokha." Mwanayo anamusiya ali wakhanda, khosi lisanalimbe n'komwe.

Mwatsoka, sabata imeneyo mvula inachita kukhuthuka, mapu nawo ali mbwee. Kanema uja anakhala kumapeto kwa mzere, kumangolowa pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wouma. Kumupititsa patsogolo kunali kungodina kamodzi, ndipo palibe akanadziwa. Chala chinkafika pabatani n'kubwerera. Anthu ouma mutu amavutikatu! M'malo mwake ankakwera padenga kukapukuta dishi yoyera kale. Mwanayo ankamusowa kwambiri.

Kumwamba kutayera, mapu anatha ndipo kanema analowa yense. A Dishi anatseka chitseko cha ofesi, n'kukhala pansi kuti amuonere.

Nayo nyumba yawo, makatani omwe aja. Kamtsikana kanaima pakati pa balaza, manja m'mwamba, kenako kanayamba kudzandira kulunjika kwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene anagwada akuwomba m'manja. Phazi, phazi lina, mpaka kanakagwera pachifuwa pake kakuseka.

"Adadi," kanatero.

"Ayi iwe, amenewo ndi amalume," anamveka mayi ake akuseka kuseri kwa foni.

Kamwanako kanagwira ndevu za amalume akewo. "Adadi."

A Dishi anabweza kanemayo poyambira, koma ulendo uno anazimitsa mawu.