Mawu a Pathabwa la Ngolo Yathu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene bambo anga anagula ngolo. Mpunga unali utachita bwino, ndipo munthu wina wa ku Golomoti amene ankasamuka anawagulitsa ngoloyo pamodzi ndi ng'ombe zake ziwiri, Bulaki ndi Kapiteni. Tsiku limene inafika ndinakaichingamira kumphambano, ndikukuwa ngati kwabwera mkwati. Inali ngolo yakale, matabwa ena ofumbwa, thayala limodzi lolira ngati mwana wa mbuzi. Koma kwa ine panalibe galimoto yoiposa mumsewu wonse wa kunyanja.

M'nyumba mwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ine woyamba. Bambo anali ndi bondo lovuta, moti kuyenda mtunda wautali pambali pa ng'ombe sankakwanitsa. Choncho anandiphunzitsa ine kumanga goli, kukhotetsa ngolo pamalo opanikiza, ndi kudziwa ng'ombe yotopadi ndi ng'ombe yongochita ulesi. Anthu sanalephere kulankhula. Amayi ena pamjigo ankati mwana wamkazi wapangolo adzakwatiwa ndi ng'ombe zomwezo. Ine zimenezo sizinkandilowa. Ndikakhala pamwamba paja, chingwe chili m'manja, mphepo yotentha ya kuchigwa ikundiwomba kumaso, ndinkadziona ngati mwini dziko.

Chinthu chimodzi chokha chinkandidya mumtima. Ngolo iliyonse ya kwathu inali ndi mawu pathabwa lakumbuyo, monga momwe zilili ndi maboti a asodzi ndi maminibasi. Yathu inali yopanda kanthu. Nditawadandaulira bambo, anandiyankha akusenda mzimbe.

"Woyendetsa ndiwe, Delifa. Mawu usankhe wekha. Ukapita kuchigayo ku Mtakataka ukawaone a Saidi."

Ndinalumpha mpaka chitenje kumasuka.

A Saidi anali mlembi wa zikwangwani. Maina a magolosale, a malesitilanti ndi a maboti ambiri a kumeneko anatuluka m'dzanja lawo. Ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mtondo m'mbali mwa msewu, atazunguliridwa ndi zitini za penti. Manja awo anali a mitundu yonse, koma kofia yawo yoyera inalibe ngakhale kadontho. Ndinawapatsa moni nditagwada, kenako ndinawauza mawu amene ndinawakonzekera njira yonse.

"Mulembe kuti ADANI ACHITE MANYAZI."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Adani akowo ndani, mwanangu?"

Ndinaganiza za amayi a pamjigo aja, koma m'modzi wa iwo anali atandipatsa mango dzulo lake. 

"Amenewo ndi mawu obwereka," anatero. "Ndawalemba pangolo zambiri. Tandipatsa ako."

Ndinayesa ena amene ndinawaona paminibasi. Anapukusa mutu. Ndinayesa mwambi umene aphunzitsi ankaukonda. Anaseka. Pomaliza ndinati alembe kuti NESI WA MAWA, chifukwa ndi zimene atsikana tonse m'kalasi tinkayankha tikafunsidwa za m'tsogolo.

"Unesi ndi chovala," anatero a Saidi akupukuta bulashi. "Sindikufunsa chimene udzavale. Ndikufunsa chimene iweyo ukufuna kumawachitira anthu, kaya uli pangolo, kaya uli m'chipatala, kaya wakalamba ngati ine. Penti wanga ndi wa oyilo, mvula samuchotsa. Pita ukafufuze. Ukawapeza mawu ako sindidzachita kukufunsa, ndidzakuonera patali."

Ndinabwerera thabwa lili chomwecho. Ndinakwiya pang'ono, koma funso lija linandiyaka mumtima ngati moto wa lupsa. Palibe munthu wamkulu anali atandifunsapo zoterozo. Ndinayamba kulemba mawu paliponse: pamchenga ndi kamtengo, pakhoma la khola ndi khala, pantchafu panga ndi kachitsotso. Ndikawawerenga mokweza ankamveka bwino, koma m'mawa mwake ankakhala atazizira. Mayi ankandiseka kuti ndayamba misala ya zikwangwani. Mvula inayamba, tinawokera mpunga, thabwa likadali lopanda mawu.

Ndiye kunacha tsiku lina la mwezi wa Febuluwale. Dzulo lake mvula inagwa tsiku lonse. M'mawawo kunayera, nthaka ikufuka nthunzi, achule akulira m'madambo ngati alipidwa. Bambo ndi azibambo ambiri a m'mudzi anali kumaliro ku Bwanje. Ndikusesa pabwalo, ndinaona a Nangondo, amayi achikulire oyandikana nafe nyumba, akubwera chothamanga, duku lili m'manja.

"Delifa, manga ng'ombe! Mpongozi wanga matenda amuyamba, ndipo sizikuyenda bwino."

Mpongozi wawoyo anali a Nasibeko, mtsikana wamsinkhu woti akanatha kukhala achemwali anga aakulu. Mimba imeneyo inali yawo yoyamba. Masiku amenewo njinga zamoto za kabaza zinali zisanafike kwathu, ndipo galimoto sinkalowa m'mudzi mwathu nthawi ya dzinja. Kuti munthu akafike kuchipatala ku Mua ankayenera kudutsa dambo, kutulukira pamsewu wa tala, kenako kukwera kamtunda ka kumishoni.

Mayi anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Sanandifunse ngati ndingathe. Anangolowa m'nyumba kukatenga mphasa ndi mabulangete. Sindinamangepo goli mwachangu ngati tsiku limenelo. Tinayala udzu m'ngolo, mphasa pamwamba, n'kuwagoneka a Nasibeko mutu uli pamiyendo ya apongozi awo. Mayi nawonso anakwera.

"Tiye, Bulaki! Kapiteni, tiye!"

Poyamba zinayenda bwino. Ng'ombe zinali zokhuta, njira inali ya mchenga. Koma titafika pakati pa dambo, pamene madzi a m'minda amadutsa njira, ngolo inayamba kulemera. Ndinamva matayala akumira pang'onopang'ono. Ndinakuwa, ndinakwapula, ng'ombe zinakoka mpaka goli kulira. Kenako Bulaki anagwada m'matope, ndipo tinaima.

Ndinatsika. Matope anandifika m'maondo, ofunda pamwamba, ozizira pansi. Thayala lakumanja linali litamira mpaka pakati. M'ngolo a Nasibeko ankabuula, mawu otsika ochokera pansi pamimba, amene ndinali ndisanawamvepo kwa munthu. Nditayandikira anandigwira padzanja. Chikhatho chawo chinali chonyowa ndi thukuta.

"Delifa," anatero, "tikafika koma?"

Sindinaganize n'komwe. Mawu anangotuluka okha.

"Ndikakufikitsani, achemwali."

Nditangotero, mantha onse anandithera. M'malo mwake munalowa mphamvu ina yachilendo, yotentha, yondipangitsa kufuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndinakwera pathayala n'kuyang'ana uku ndi uku. Chapatali, m'minda ya mpunga, azimayi anali atawerama akupalira. Ndinakuwa ndi mawu anga onse.

"Amayi inu! Wodwala kuno! Thandizeni!"

Anaweramuka m'modzim'modzi ngati akakowa. Kenako anayamba kuthamanga m'mizere, zitenje atakwinyira m'mwamba, madzi akuthovoka. Ena sindinkawadziwa n'komwe. Ndipo ine, kamtsikana kamene kunyumba sikankaloledwa kuyankha akuluakulu akamalankhula, ndinapezeka ndikugawa ntchito. Awa akadule bango. Awa afukule matope kutsogolo kwa thayala. Mayi anga atsike kuti ngolo ipepuke. Palibe anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Tinayala bango ndi nthambi pansi pa matayala. Chikwapu ndinachiponya m'ngolo. Ndinapita kutsogolo, ndinamusisita Bulaki pakhosi, ndikumulankhula monga ndinkachitira pomutulutsa m'khola, mpaka anadzuka akupemerera. Ndinagwira chingwe cha pamphuno pa Kapiteni.

"Tikankhe limodzi! Tiyeni!"

Koyamba ngolo inangogwedezeka n'kubwerera. Mayi wina wamtali anayambitsa nyimbo ya pamtondo, enawo anavomera, ndipo tinakankha motsata nyimboyo. Ndinamva bango likuthyoka, matope akutsomphoka, kenako ngolo inavumbuluka mwamphamvu moti ndinagwa chagada m'madzi. Nthungululu zimene zinamveka m'dambo limenelo ndimazimvabe mpaka lero. Ndinadzuka ndikuseka, matope ali m'kamwa, n'kuthamangira ng'ombe zanga.

Pamsewu wa tala minibasi inachita kuima kutipatsa njira, kondakitala atatulutsa mutu akutikuwira kuti tilimbe mtima. Pokwera kamtunda ka ku Mua ndinayenda pansi, phewa langa lili pagoli ngati ng'ombe yachitatu. Titafika, anamwino anatuluka ndi machira, ndipo a Nasibeko analowa nawo, mayi ndi a Nangondo ali pambuyo.

Ndinatsala panja. Ndinamasula ng'ombe, ndinazimwetsa madzi, n'kukhala pamthunzi.  Matope anauma pathupi panga n'kumang'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Dzuwa litapendeka, mayi anatuluka akuvina, manja ali m'mwamba.

"Wachira! Mwana wamkazi! Onse ali bwino!"

Ndinazungulira ngolo ndikulumpha. Ndinamukumbatira Kapiteni m'khosi mpaka anandikankha ndi mphuno. Anthu odikirira odwala ankandiseka, ine osasamala. Ndinali nditatopa kuposa tsiku lina lililonse, komanso ndinali ndisanasangalalepo chomwecho chibadwire.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Mtakataka ndi ngolo yopanda katundu. A Saidi anandiona ndikadali patali, anaika bulashi pansi.

"Eee, wabwera nawo," anatero.

Ndinawafotokozera zonse mosapuma, ndikusakaniza za kumapeto ndi za kumayambiriro. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Alihamudulila, Mulungu atamandike. Tsono tilembe chiyani?"

Ndinapuma kaye. Ndinkafuna kuti ndinene bwinobwino.

"Ndikufuna kuti munthu amene ali pamavuto, akandidalira pa ulendo wake, ndizimufikitsa kumene kuli thandizo."

"Amenewo ndi ako," anatero. "Uwasunge onse mumtima. Koma thabwali ndi lalifupi. Tawafinya."

"NDIKAKUFIKITSANI."

Anajambula mizere iwiri ndi choko pathabwa lija, anavundula penti wachikasu, kenako anachita chimene sindinkayembekezera. Anandipatsa bulashi.

"Mawu ako, dzanja lako."

Ndinalemba lilime lili kunja, fungo la penti likundilowa m'mutu. Zilembo zoyamba zinatuluka zikuluzikulu chifukwa cha chimwemwe, moti zomaliza ndinachita kuzipanikiza kuti zikwane. Penti anayenderera pansi pa K. Ndinawapempha a Saidi kuti akonze, anakana. Pobwerera ndinkaima pafupipafupi n'kutsika kukaona ngati mawu anga akadalipo.

Sindinadziwe kuti ndadzimangirira ndekha goli. Kuyambira pamenepo, wodwala akapezeka m'mudzi anthu ankabwera kwathu. Tsiku lina ndikanyinyirika kuti ndatopa kapena ndili ndi mayeso, mayi ankangoloza thabwa lija ndi mlomo. Ndipo ndinkadzuka.

Ngolo ija inatha kalekale, koma chiganizo chachitali chija chinandiperekeza m'malo ambiri. Nditamaliza Fomu 4, azakhali anandiitana kuti ndikagulitse m'sitolo mwawo ku Lilongwe. Inali ntchito yabwino, ya pamthunzi. Ndinadzifunsa kuti kumeneko ndikafikitsa yani, ndipo ndinapita kukaphunzira kuyendetsa galimoto. Mnyamata wina amene ndinkamukonda anandiuza kuti mkazi wake sadzagwira chiwongolero. Ndinalira, koma sindinavutike kusankha. Lero ndimayendetsa ambulansi ya chipatala china m'boma lomwe lino, ndipo mwamuna amene ndinakwatiwa naye ndi amene amandidzutsa foni ikalira.

Sindinganame kuti onse amene ndinawanyamula ndinawafikitsa ali moyo. Alipo amene anatsikira panjira, ndipo masiku oterowo mawu anga amandilemera. Koma ndinazindikira kuti sindinalonjeze kugonjetsa imfa. Ndinalonjeza kuti ndikaitanidwa ndidzanyamuka, ndipo njira ikavuta sindidzabwerera.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti cholinga cha moyo sichibwerekedwa, ndiponso munthu sachipeza atangokhala pansi n'kumafinya mutu. Chimayamba chaonekera m'zochita, tsiku limene watopa mpaka kunjenjemera koma mtima ukuvina. Ntchito ya kulemba ndi kungochigwira kuti chisathawe, n'kuchiika poyera pamene iwe mwini ndi anzako muzichiona. Ana a sukulu akandifunsa kuti angadziwe bwanji chimene anabadwira, ndimawauza kuti asathamangire cholembera. Ayambe athandiza munthu, amvetsere mtima wawo, ndipo tsiku limene udzadumphe, alembe msanga dzuwa lisanalowe.