Kabokosi ka m'daladala ya a Shomari

A Shomari Kiluwa akalambira pachiwongolero. Anayamba ngati kondakitala, kulendewera pachitseko cha minibasi zija amati daladala mpaka mawu kusasa, ndipo atapeza laisensi sanasinthenso msewu: Mbagala, Kariakoo, Mbagala. Ndi munthu wamanyazi, wosaphonya kumzikiti Lachisanu, woti mayi akayamba kuyamwitsa pampando wakutsogolo iwo khosi limauma ndi kuyang'ana kumbali. Chonyadira chawo n'chimodzi, mwana wawo Zuhura, amene ankayankhula pa wailesi ina yaing'ono mumzindamo.

Koma kunyadako kunali kwa pasiteji pokha. Pulogalamu ya Zuhura inali ya uchembere. Za mimba, za kumwezi, za kulera, mwana uja ankazitchula mosapsatira dzuwa likuswa mtengo. Nanga bambo angamve bwanji zotere kuchokera pakamwa pa mwana wake wamkazi? Ndiye kanyimbo koyambira pulogalamuyo kakangolira, a Shomari ankapotoza wailesi kupita ku za mpira. Anachita zimenezi kwa zaka, ndipo kunyumba Zuhura akawafunsa ankangoti, "Wayankhula bwino, mama."

Mavuto anabwera ndi kabokosi. Kampani ina yowerengera omvera wailesi inasankha daladala zingapo, yawo ili pomwepo, ndipo mayi wina wa kukampaniko, dzina lake Nyamizi, anadzakamangirira pansi pa wailesi. Kanali kakang'ono ngati sopo, kokhala ndi kanyali kobiriwira.

"Kamangomva wailesi imene mwatsegula basi, Mzee," anatero Nyamizi. "Miseche yanu kalibe nayo ntchito. Koma musasinthe kanthu, muzimvera monga mwa masiku onse. Galimoto yanu imodziyi ikuimira anthu zikwizikwi."

"Zikwizikwi? Chiphapha chimenechi?" anaseka Chande, kondakitala wawo, mnzawo wakale wa imvi ngati iwo omwe. "Tikapakira onsewo traffiki atimanga, mayi."

A Shomari nawo anaseka, n'kuiwalako. Patapita masabata, Zuhura anabwera kudzacheza Lamlungu, nkhope ili yakugwa.

"Baba, mabwana akudikira zotsatira za kafukufuku uja. Akuti omvera akachepa pulogalamu yanga aichotsa, aikepo nyimbo. Otsatsa malonda safuna malo opanda anthu." Anamwetulira pang'ono. "Mwayi wanga ndi woti kabokosi kamodzi kali m'galimoto mwanu."

A Shomari anaika pansi chapati chimene ankadya. Ndiye kuti tsiku ndi tsiku, ndi zala zawo ziwirizi, akhala akuthamangitsa anthu zikwizikwi pakhomo pa mwana wawo! Mantha anawagwira ndithu. M'mawa mwake kanyali kaja kankangokhala ngati kakuwayang'anitsitsa.

Anayesa. Tsiku loyamba dzanja linapita lokha, anazindikira akumva za mpira. Tsiku lina anaisiya wailesi ya Zuhura koma anaitsitsa mpaka kunong'ona, kuti kabokosi kamve, iwo asamve.

"Mukunamiza ndani, achimwene?" anatero Chande ali pazenera. "Injini yotsokomola ngati iyi, olo ine sindikumva. Kabokosiko kali ndi makutu a mileme?"

Tsiku lotsatira magalimoto anathinana pa Mtongani, kutentha kosayamba, daladala itadzaza mpaka pachitseko. Kanyimbo kanalira. A Shomari anati bismillah chamumtima, n'kukweza. Mawu a Zuhura anadzaza galimoto yonse, akufotokoza za magazi amene sasiya mayi akachira, ndi pamene ayenera kuthamangira kuchipatala. Thukuta linayenderera m'kofia mwawo. Maso anali pa bampala ya lole yakutsogolo.

"Dalaivala, chotsa zolaulazo!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Muno muli akuluakulu. Mwana wa ndani ameneyu wopanda mwambo?"

"Isiyeni!" anayankha mayi wina wa beseni la nsomba. "Mng'ono wanga anapita ndi zomwezi. Inu mukapweteka makutu tsikani."

"Ndafunsa, ndi mwana wa ndani?"

"Ndi wanga," anatero a Shomari. "Ndi wanga ameneyo."

Wailesi inalira mpaka Kariakoo. Kuyambira pamenepo sanaphonyenso. Manyazi sanathe, ankauma nawo tsiku lililonse, koma anayamba kudabwa kuti kodi mwana uja zonsezi anazidziwa liti, ndipo kuleza mtima kotere poyankha amayi olira pafoni anakutenga kuti.

Mwezi usanathe, Nyamizi anawapeza pasiteji, sikuludiraiva ili m'manja.

"Mzee, ndinakuuzani. Makina aona kuti mwasintha mwadzidzidzi, ndipo Mbagala yonse ikudziwa tsopano kuti ndinu bambo ake. Kuofesi akuti zimenezi n'zokondera. Zonse za galimoto yanu tazifufuta."

"Mwanangu, chonde. Anthu amamveradi, funsani Chandeyu."

"Ndikukhulupirira. Koma si ine ndimagamula."

Anamasula kabokosi n'kukaponya m'chikwama. Pamalo pake panatsala timabowo tiwiri.

Zotsatira zitatuluka, pulogalamu ya Zuhura inachotsedwa. Kaya galimoto imodziyo ikanasintha kanthu, palibe akudziwa, ndipo a Shomari funso limenelo likuwadyabe. Zuhura anabwera Lamlungu, maso ali otupa. Anawathirira tiyi, n'kukhala pamkeka pafupi ndi mapazi awo.

"Baba, chimodzi chokha sindikumvetsa. Ndamva kuti kabokosi anakachotsa chifukwa munasintha. Munasintha chiyani, poti inu mumandimvera tsiku lililonse?"

A Shomari anayang'ana m'kapu. Zuhura anadikira, ndipo pang'onopang'ono nkhope yake inasintha.

"Zaka zonsezi, Baba? Olo kamodzi?"

"Masiku omalizawa okha, mama," anatero. "Unkayankhula bwino. Ulendo uno ndikunena zimene ndinamva."